Maliya wa ku Mua ndi Maria wa ku London

Munthu akapatuka pa msewu wa M5, uja wochokera ku Salima kulowera ku Balaka, n'kukwera kamtunda kopita ku Mua, amafika pomwe mapiri a Dedza amathera ndipo chigwa cha kunyanja chimayambira. Kutentha kwa ku Mtakataka kumakhala kudakali pamsana, koma mithunzi ya pamishoni imamulandira bwino mlendo. M'nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare muli chipinda chimene alendo ambiri amalowa akucheza n'kutulukamo ali duu. Muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400, zambiri zitakolekedwa pa chimtengo cha pakati pa chipindacho. Alipo Chadzunda, wakuda bii, tate wa zilombo. Alipo Simoni, wofiira ngati mzungu amene dzuwa la Okutobala lamuwamba. Aliponso Maliya, wa nkhope yosalala, wooneka wofatsa ngati namwali womva mwambo.

Maliya wakhala akutuluka pa mabwalo a Achewa kwa mibadwo ingapo tsopano. Akatuluka amayi amamuthamangira, kumuzungulira, kumuimbira ndi kumuombera m'manja. Koma palibe munthu wolongosoka amene angaimirire pabwalo n'kufunsa kuti, kodi ameneyu ndani? Funso lotere ndi mlandu, ndipo mlandu wake sutha ndi pepani wa pakamwa. Maliya ndi chilombo, wachokera kudambwe, nkhani yathera pomwepo.

Ku Britain, mu 2006, anthu mamiliyoni anatha pafupifupi miyezi iwiri akufunsana funso lomweli Loweruka lililonse madzulo, ndipo amene ankawasonkhezera inali wailesi ya kanema ya BBC. Andrew Lloyd Webber, katswiri wopeka masewero a nyimbo, ankakonza zoonetsanso The Sound of Music, sewero la mu 1959 limene anthu ambiri analidziwira mu filimu ya Julie Andrews ya mu 1965. Mwini nkhani m'seweroli ndi Maria, mtsikana wa ku Austria wophunzira usisitere amene anatumidwa kukalera ana 7 a mkulu wa asilikali wofedwa mkazi. Zokambirana ndi Scarlett Johansson wa ku America zitalephereka, Lloyd Webber anaganiza zoti Maria asankhidwe ndi anthu oonera kanema ali m'makomo mwawo.

Atsikana miyandamiyanda anakayesa mwayi. Anawapeta mpaka kutsala 10, ndipo awa ndiwo ankaimba pamaso pa dziko lonse sabata ndi sabata, Graham Norton akuyendetsa mwambo, majaji akuthirira ndemanga, anthu akuimba foni kuvota. Awiri operewera mavoti ankaimbanso molimbana, Lloyd Webber n'kupulumutsapo mmodzi. Pa 16 Sepitembala 2006 anthu anasankha Connie Fisher, wa zaka 23, wokulira ku Wales, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito yotsatsa malonda pafoni. Pofika Novembala anali akuimba mu London Palladium, nyumba ya zisudzo yolowa anthu oposa 2,000, ndipo matikiti a ndalama zankhaninkhani anali atagulidwa seweroli lisanatsegulidwe n'komwe.

Eni masewero ataona kuti dimba ili ndi lachonde, sanalisiye. Mu 2007 BBC inasaka Yosefe wa malaya amawangamawanga wa mu Joseph and the Amazing Technicolor Dreamcoat, ndipo anapambana Lee Mead. Mu 2008 inasaka Nancy wa mu Oliver!, mu 2010 Dorothy wa mu The Wizard of Oz. Mu 2012 kanema wa ITV anafika posaka Yesu amene, wa mu Jesus Christ Superstar, ndipo anthu anavotera Ben Forster. Ku America anachita zomwezo ndi Grease, ku Canada anasankha Maria wawo mu 2008, ndipo chaka chomwecho M-Net ya ku South Africa inasaka achinyamata okasewera High School Musical.

Madandaulo anayamba mpikisano woyamba usanathe. Equity, bungwe loimira anthu azisudzo ku Britain, linati njira imeneyi ikunyozetsa ntchito imene anthu ake amaiphunzira kwa zaka. Trevor Nunn, mmodzi mwa akuluakulu otsogolera masewero m'dzikomo, sanakondwe kuti mapologalamuwa amakometsedwa ndi chisoni cha munthu wokanidwa, pomwe mwambo wa ntchitoyi ndi woti munthu ayesedwe m'chipinda, akalephera atuluke ndi ulemu wake. Ndipo Nunn sananame. Mu mpikisano wa Yosefe, mnyamata wogonja ankaimba nyimbo yotsanzika uku anzake akumuvula malaya a mtundu wake aja, makamera ali pankhope kudikira msozi. Mu wa Dorothy, wogonja ankabweza nsapato. Oonera ankalira naye, inde, koma sabata yotsatira ankakhalanso pampando womwewo kudikira kuona wina akuvulidwa.

Kevin Spacey, amene pa nthawiyo ankayendetsa nyumba ya zisudzo ya Old Vic, anabwera ndi dandaulo lina mu 2008. Iye anati BBC, imene imayendera ndalama zimene nyumba iliyonse yoonera kanema imalipira, inali kutha masabata 13 ikutsatsa ulere sewero la anthu ochita malonda, pomwe masewero ena onse sapatsidwa mpata wotero. Apa funso silinalinso la luso koma la thumba: phwandoli akulipirira ndani, ndipo akukhuta ndani?

Panalinso kachinyengo kakang'ono m'kafotokozedwe. Kanema ankakonda kunena za mtsikana wamba wa pafoni amene mwayi wamugwera, koma Connie Fisher anali ataphunzira zisudzo ku Mountview n'kukhoza bwino, ndipo Lee Mead anali kale m'gulu losewera The Phantom of the Opera. Anthu ankaganiza kuti atola munthu panjira, chonsecho ankasankha pakati pa anthu osulidwa kale. Ngakhale osulidwawo ntchito inawalemera. Sewero la ku London limaonetsedwa maulendo 8 pa sabata, ndipo patangotha miyezi yochepa Fisher anauzidwa ndi madokotala kuti apumitse mawu, kenako anamuchepetsera masiku oimba. Paja akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Za mpikisano wa Nancy wa mu 2008 ndiye zimakambidwabe mpaka lero. Anthu anavotera Jodie Prenger, pomwe Lloyd Webber ndi Cameron Mackintosh, mwini sewero, mtima wawo unali pa Jessie Buckley, mtsikana wa ku Ireland wa zaka 18. Prenger anagwira bwino ntchito yake. Buckley, wachiwiriyo, anapita kukaphunzira zisudzo ku RADA, ndipo mu 2022 dzina lake linali pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar. Samantha Barks, amene anathera pachitatu, anasewera Éponine mu filimu ya Les Misérables ya mu 2012.

Munthu wa ku Mtakataka akamva mkangano umenewu sangauone ngati wachilendo kwenikweni, chifukwa dera lake lakhala likukangana za woyenera kulowa m'bwalo, ndi woyenera kumuweruza, kuyambira kale kanema asanabadwe. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua mu 1902, m'dziko la Inkosi Kachindamoto, Mngoni wolamulira midzi yambiri ya Achewa. Anamanga tchalitchi, masukulu a m'midzi, kenako chipatala cha akhate. Chimene sanachiyembekezere ndi mphamvu ya dambwe. Wolemba mbiri Ian Linden, m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'nthawi ya atsamunda, anafotokoza mmene sukulu ndi nyau zinalimbiranirana anyamata m'dera lino, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Ansembe ankapempha boma kuti liletse gule, eni mizinda nawo ankalowetsa ana aang'onoang'ono kuti aphunzitsi a mishoni asawapeze. M'nyengo ya kukokanakokana kotereku, pa mabwalo a Achewa panayamba kuoneka zilombo za maina a m'tchalitchi, Simoni ndi Maliya. Gule anatenga anthu olemekezeka a mlendo n'kuwavinitsa pa fumbi lake. Ansembe a nthawiyo anaona ngati mwano, koma popita zaka Maliya anakhazikika n'kukhala chitsanzo cha ulemu wa munthu wamayi, wokondedwa pa chinamwali.

Za kudambwe zimatsala kudambwe, magazini si malo ake. Zokambika ndi zimene aliyense woima m'mphepete mwa bwalo amaona ndi maso ake, ndipo zimenezo n'zokwanira kusonyeza kuti bwalo lili ndi majaji ankhanza kuposa a BBC. Mwini mzinda akaloleza, atsabwalo akakankhira anthu m'mbuyo, ng'oma zimayamba, mbalule ali patsogolo kuwerenga mapazi a chilombo. Amayi amaima mbali yawo kuvomera nyimbo. Gule akakhala wakupsa, fumbi limakwera, nthungululu zimang'amba mlengalenga, anthu amalowa kukasupa, wina ndalama yachitsulo, wina yapepala. Akakhala wozizira, palibe amene amanyamula chikwangwani cha malikisi. Manja a amayi amangofooka, nyimbo imazilala, maso a anthu amatembenukira kumene kutulukire chilombo china. Madzulo ake, pa mowa ndi pa mjigo, chigamulo chimakhala chitadziwika: gule wa mudzi wakutiwakuti ndi woopsa, wa kwa uje wagwa mphwayi chaka chino.

Choncho kuweruza kwa khamu si chinthu chimene kanema anabweretsa. Kusiyana kuli pa mfundo ziwiri, ndipo zonse n'zolemera. Khamu la pabwalo limaweruza zimene zatuluka, koma silisankha chotuluka. Udindo umenewo uli m'manja mwa akuluakulu a mwambo, anthu amene amadziwa kulemera kwa Njovu ndi ulemu wa Kasiyamaliro, ndipo sauchita mothamanga. Chinanso, bwalo silivula munthu. Chilombo chikalephera chimabwerera kumene chachokera chopanda dzina, ndipo palibe mayi amene mawa lake angayende chozolika chifukwa mwana wake wachita manyazi pagulu. Chikapambana, ulemu umapita ku mudzi wonse. Izi zili ndi mtengo wake, poti palibe amene angadye nalo dzina luso limene anthu saloledwa kulitchula kuti ndi lake. Komabe chimene Trevor Nunn ankalirira ku London, choti wolephera atetezedwe ku maso a anthu, Achewa anachimangira mpanda kalekale.

Mpikisano wa nkhope zoonekera unabwera ndi asilikali. Amuna a King's African Rifles atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, magule otsanzira perete anafalikira m'mbali mwa nyanja ndi kumtunda komwe: beni pakati pa Ayao, malipenga kwa Atonga a ku Nkhata Bay, mganda m'chigawo chapakati. Beni anachokera kugombe la Aswahili, ndipo dzina lakelo ndi liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba zitoliro ndi ng'oma, lopindidwa ndi lilime la kuno. Terence Ranger analemba mbiri yake mu 1975. Magulu a malipenga ndi mganda ankatchedwa maboma, okhala ndi mfumu yawo ndi maudindo onga a usilikali, ndipo boma lina linkaitana linzake kudzapikisana, eni mudzi n'kuphika. Anyamata ankafika atavala zoyera zositidwa bwino, mabaja ali kukamwa. Apa ndiye aliyense ankadziwika dzina, kwawo ndi mbeta imene akuifuna. Wovina bwino ankapukutidwa thukuta ndi mpango wa mtsikana anthu onse akuona, ndipo boma lopambana linkadziwika ndi kuchuluka kwa anthu amene alizungulira. Anthu ankavota ndi mapazi, kuchoka pa gulu lozizira kupita pa lotentha, osalipira kalikonse. Odandaula analiponso: amishoni ena ndi akuluakulu ankati achinyamata akuthera ndalama pa zovala, akuthawa khasu, ndipo maulendo ogonera kumeneko akusokoneza mabanja.

Ufulu utabwera mu 1964, wosankha anasintha. Pa 6 Julaye, pa misonkhano yaikulu ya chipani ndi pa maulendo a Kamuzu Banda oyendera mbewu, boma lililonse la m'dziko muno linkatumiza magule ake, ndipo oyang'anira zosankha anali akuluakulu a chipani. Amayi a mbumba ankasiya minda ndi ana kwa masiku kukakonzekera, atavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, ndipo kukana kunali kudziputira mavuto. Angoni anatenga zishango zawo kupita nazo ku sitediyamu. Gule Wamkulu, amene malo ake anali maliro, chinamwali ndi kulonga ufumu, anayamba kuvina masanasana pamaso pa alendo a boma. Wailesi ya MBC inkazungulira kujambula nyimbo za m'maboma, ndipo kumveka pa wailesi kunali ulemu waukulu kwa mudzi. Luso linalipo, lochuluka zedi, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linakhazikitsa gulu la Kwacha Cultural Troupe, momwe kuvina kunasanduka ntchito ya malipiro. Koma pa mabwalo akuluakulu aja jaji anali mmodzi, wa litchowa m'manja, ndipo nyimbo zonse zinkayenera kutamanda iye.

Majaji a pepala ndi cholembera anafika kudzera m'sukulu ndi m'matchalitchi. Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linayambitsa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a sekondale, woyambira m'zigawo mpaka kufika pa dziko lonse. Makwaya nawo anazolowera kuimba pamaso pa anthu atatu okhala patebulo. Apa mpamene liwu loti atibera linakhazikika m'chilankhulo cha zaluso, chifukwa chigamulo cha khamu munthu amachiona ndi maso, koma cha papepala amangochimva chikuwerengedwa. ATEM inkadzudzulidwa kuti imaika patsogolo katchulidwe ka Chingerezi, zimene zinkakomera masukulu a m'tauni ndi a mishoni zakale, ndiponso sewero lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu limene linakhazikitsidwa mu 1968. Koma mpikisano womwewu ndi umene unaonetsa dziko Du Chisiza Jr, amene ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre anapambana mu 1982 ndi sewero lake la The Deceased's Attack. Atabwerako ku maphunziro ku America anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu loyamba m'dziko muno lofuna kuti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu. Mpikisano unamutsegulira khomo, koma nyumba yolowamo anachita kumanga yekha, kuyenda ndi gulu lake m'maholo a m'maboma, kudalira ndalama za pakhomo. Du anamwalira mu Febuluwale 1999, kutatsala masabata ochepa kuti kanema wa dziko lino ayambe.

Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ndipo sipanapite nthawi mkangano wa mipikisano ya pa kanema usanafike ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2003 TVM inkaonetsa zigawo za Big Brother Africa yoyamba, momwe munali Mmalawi Zein Dudha. Mu Ogasiti aphungu anagwirizana zoletsa pologalamuyi ponena kuti ikuononga chikhalidwe, koma Khoti Lalikulu linachotsa chiletsocho. Anapambana ndi Cherise Makubale wa ku Zambia. Munalibe kuimba kapena kuvina kopikisana m'menemo, komabe Amalawi anaphunzirapo chinthu chimene chakhala nafe mpaka lero: kutumiza uthenga wa pafoni kuti mwana wa kwathu asatuluke.

Kenako inabwera mipikisano yathuyathu. E-Wallet ndi Sunbird Search for a Star zinkasaka oimba, Chibuku Road to Fame inkasaka mabandi, Ka Jive ovina. Mu 2014 ndi 2015 Airtel Trace Music Star inalola aliyense kuimba nyimbo pafoni kuti alowe mpikisano wa maiko 13, umene Mayunga wa ku Tanzania anapambana ku Kenya n'kulandira mwayi wogwira ntchito ndi woimba Akon. Maina a mipikisanoyi akuulula okha chimene Kevin Spacey ankanena, poti ambiri ndi maina a kampani zolipirira. Palibe cholakwika kuti kampani ithandize luso, m'dziko limene ndalama za boma zopita ku zaluso n'zochepa chonchi. Chovuta chili pa voti. Voti ya pabwalo la mganda inali ya mapazi, munthu mmodzi mapazi awiri. Voti ya SMS imagulidwa ndi mayunitsi, ndipo kumene malamulo alola kuvota kangapo, wa malume ake olemera amaposa wa mawu okoma. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 12 zokha pa 100 zilizonse zinali ndi wailesi ya kanema, pomwe zoposa theka zinali ndi foni ya m'manja. Ndiye kuti ambiri oyenera kuweruza sankaona n'komwe chimene akuuzidwa kuti avotere. Ku Golomoti kuli munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma mnyamata wa m'midzi yozungulira akafuna kuonera mpikisano nthawi zambiri amayendabe kupita pa tiledingi senta, kukadzipanikiza pa benchi la m'nyumba yoonetsera mpira.

Ndipo wopambanayo amapita kuti? Apa mpamene London ndi Lilongwe zimasiyanirana kwambiri. Connie Fisher, ndi zovuta zonse zija, analandira ntchito: gawo lolembedwa kale, aphunzitsi a mawu, gulu la oimba, nsanja yomudikira usiku uliwonse kwa miyezi. Mipikisano yathu yatchulidwayi imasaka munthu, osati wodzadzaza gawo la m'sewero, ndipo mphoto yake imakhala cheke chachikulu chojambulitsira chithunzi, kapena lonjezo la ku situdiyo. Makamera akazima, mwana uja amabwerera kwawo ndi dzina lodziwika koma wopanda pogwira. French Cultural Centre ya ku Blantyre, imene inali mudzi wa a Wakhumbata, a Kwathu ndi ena ambiri, inatsekedwa mu 2011, ndipo italowa m'manja mwa boma inakhala nthawi yaitali ili bwinja. Azisudzo aja Izeki ndi Jakobo sanatchuke ndi mavoti a sabata 8. Anatchuka chifukwa kunali Kwathu Drama Group, kunali wailesi, kunali maholo odzaza anthu chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Mua kuyambira mu 1976 n'zoyenera kuziyang'ana mofatsa. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada wa chipani chomwe chija chimene chinkalimbana ndi nyau, anafika m'dziko muno mu 1967. M'malo mothamangitsa gule anakhala pansi kumuphunzira, mpaka anapatsidwa mfunda woti Chisale. Anayamba Kungoni ndi amisiri osema ochepa, ndipo pang'onopang'ono panabwera nyumba ya Chamare, malo ofufuzira za chikhalidwe, ndi gulu la ovina ochokera m'midzi yozungulira, lovina magule a Achewa, Angoni ndi Ayao pamaso pa alendo. Buku lake la mu 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, likufotokoza zilombo zambirimbiri, tanthauzo lake ndi nyimbo zake. Pa zonse za m'dera lino, Kungoni ndiye ikuyandikira kwambiri nyumba ya zisudzo ya ku London: malo okhazikika, magawo akale kuposa owasewera, oonera olipira, ndi anthu ophunzira luso kwa zaka pansi pa maso a odziwa. Wolowa m'gululi savoteredwa pafoni.

Nazonso sizinapite popanda mafunso. Mkhristu wina amadabwa kuona za kudambwe pakhomo pa tchalitchi, pomwe wosunga mwambo wina amafunsa ngati chilombo chotulukira mlendo wa kamera chili ndi kulemera kofanana ndi chotulukira maliro a mfumu. UNESCO italengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha dziko lonse lapansi, oitana gule anachuluka, ndipo bungwe la Chewa Heritage Foundation lakhala likudandaula za zilombo zoyendayenda m'misewu kupempha ndalama ndi zovina pamalo posayenera. Ndi funso la Equity lija litavala nthenga ndi ziguduli: ntchito ya anthu osulidwa ikalowa pamsika, wouteteza ulemu wake ndani?

Kwa zaka zambiri Kungoni yakhala ikuchititsa tsiku la chikhalidwe m'mwezi wa Ogasiti, mwezi womwewo umene Achewa a maiko atatu amakasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba wolemekeza Kalonga Gawa Undi. Pa masiku otere anthu amadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Mbalule ikaitana, Maliya amatuluka pang'onopang'ono, nsalu ili m'chiuno, amayi n'kumukhamukira. Kusiyana ndi kale n'kwakuti tsopano m'mwamba mumadzaza mafoni, ndipo dzuwa lisanalowe kuseri kwa mapiri a Dedza kavidiyo kamakhala katafika kale pa WhatsApp ndi Facebook, kwa ana a kuno amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Iwo amathirira ndemanga, kukangana ngati wa chaka chino waposa wa chaka chatha, ndi kufunsana kuti ng'oma zokoma chonchi n'za mudzi uti.